Tisagwetse nyumba zakale, tizikonze: uvuni ukutimalizira mitengo ku Malomo

Alimi anzathu, msika wa fodya, soya ndi mtedza ukangotha, munthu aliyense woyenda pa msewu wochokera ku Kasungu kupita ku Nkhotakota amadziwa kuti ndalama zalowa m'midzi ya ku Malomo. Chizindikiro chake ndi utsi. Kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka mvula yoyamba, pafupifupi mudzi uliwonse umakhala ndi uvuni wa njerwa ukufuka, ndipo pambali pake pamakhala mulu wa zipika za mitengo yomwe inamera ambiri a ife tisanabadwe. Chimodzimodzinso ku Ntchisi boma, ku Mponela, ku Madisi ndi m'mapiri a Dowa.

Njerwa zikapsa, nyumba yakale imagwetsedwa. Kawirikawiri nyumbayo imakhala kuti makoma ake akadali olimba, changoonongeka ndi denga kapena m'munsi mwa khoma momwe madzi a mvula amamenya. M'malo mwake timamanga nyumba ya makoma opyapyala, ya malata opanda siling'i, ya mazenera otsekedwa ndi njerwa chifukwa ndalama zinatha tisanagule mafelemu. Ena nyumbayo imakhala zaka zitatu isanafoleredwe, banja likugona m'khitchini.

Ife tikunena poyera kuti mchitidwe umenewu ukutisaukitsa, ndipo si chitukuko monga momwe takhala tikuuzidwira. Olakwa pankhaniyi ndi ife eni ake, boma ndiponso mabungwe ena omwe amabwera m'midzi mwathu m'dzina loteteza chilengedwe. Tiyamba ndi kudzidzudzula tokha kuti ena asanene kuti tikungoloza chala.

Anatiuza ndani kuti dothi ndi umphawi?

Pa kalembera wa anthu ndi nyumba, ofesi ya NSO imagawa nyumba m'magulu atatu. Nyumba ya njerwa zowotcha kapena simenti yofoleredwa ndi malata imalembedwa kuti ndi yokhalitsa. Ya dothi ndi udzu imalembedwa kuti ndi yachikhalidwe, ndipo zina zonse zimakhala pakati. Andale akamayankhula pamisonkhano amawerenga malata ngati umboni wa chitukuko. Mnyamata akamafunsira mbeta, akuchikazi amayamba ayang'ana ngati kwawo kuli nyumba ya njerwa zowotcha. Motero tonse tinakula tikudziwa kuti nyumba ya mdindo kapena ya zidina ndi chinthu chochititsa manyazi.

Koma tiyeni tifunse anthu omwe anagonamo m'nyumba zonse ziwiri. Khoma la mdindo lomwe makolo athu ankamanga limakhala lochindikala. Masana limamwa kutentha pang'onopang'ono, m'nyumba n'kumazizira bwino, ndipo usiku limabweza kutenthako, m'nyumba n'kumafunda. Nyumba ya malata opanda siling'i imachita zosiyana. Mu Okutobala simungakhalemo masana, ana amagona akutuluka thukuta, mbewu yosungidwa m'matumba pafupi ndi denga imaonongeka msanga. Mu Juni ndi Julayi, pomwe mphepo ya m'mapiri a Ntchisi imalowa mpaka m'mafupa, malata amazizira ngati madzi a pachitsime ndipo m'mamawa amadontheza mame pa bulangete. Zikatero timasonkha moto wothera mpaka usiku, nkhuni n'kumatha kuposa kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tisamvane molakwika. Sitikuyamikira denga lodontha, chipinda cha mdima, makoswe kapena chiswe. Sitikunenanso kuti malata ndi oipa, pakuti udzu wofolera wasowa m'madera ambiri ndipo kufolera chaka ndi chaka n'kotopetsa. Mlimi ali ndi ufulu wogona pabwino ngati wina aliyense wa ku Area 47. Chomwe tikukana ndi maganizo oti njira yokhayo yopezera nyumba yabwino ndi kugwetsa yakale ndi kuyatsa uvuni.

Mtengo weniweni wa njerwa yowotcha

Anzathu ena amati njerwa yowotcha ndi yotsika mtengo, popeza dothi ndi la pachulu, chikombole n'chobwereka ndipo oumba ndi ana a pakhomo. Zoona, m'thumba simutuluka ndalama zambiri tsiku limenelo. Koma uvuni sudya tinthambi kapena mapesi. Umafuna zipika zikuluzikulu zoyaka usana ndi usiku, ndipo zimenezi zimachokera ku mombo, msuku, muwanga, ngakhale mango omwe ana athu amadya nthawi ya njala. Kampani ya 14Trees, yomwe inayamba kupanga njerwa zosawotcha m'dziko muno mu 2016, inatenga dzina lake pa chiwerengero chake choti nyumba wamba imodzi imadya mitengo 14. Werengani nyumba zatsopano za m'mudzi mwanu, kenako muyang'ane phiri lomwe lili kuseri kwa mudziwo.

Pamwamba pa uvuni onjezerani milimo ndi mapaso a zigafa za fodya wa bale, nkhuni zofukizira fodya wa chikopa, makala opita ku Lilongwe ndi nkhuni zophikira tsiku lililonse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Ntchisi linali ndi anthu oposa 317,000 ndipo la Dowa oposa 772,000, ndipo m'dziko lonse mabanja oposa 9 pa 10 aliwonse ankaphikira nkhuni kapena makala. Mitengo yathu singathe kusenza katundu yense ameneyu nthawi imodzi.

Malipiro ake tikuwaona m'minda. Phiri likameteka, madzi a mvula salowanso pansi, amathamanga n'kukokolola nthaka pamodzi ndi feteleza yemwe tagula movutikira. Timitsinje tomwe tinkathirira madimba mpaka Novembala tikuphwa mu Ogasiti. Matope onsewo amakathera mu Bua, mtsinje womwe nsomba za mpasa zimakwera kukaswana kuchokera ku nyanja. Maenje omwe timasiya poumba njerwa amasunga madzi, udzudzu n'kumaswana pafupi ndi khomo. Mphepo ya mvula yoyamba ikabwera imapeza mudzi uli pambalambanda, n'kusasula malata omwe aja tinawagula ndi ndalama za fodya. Ndipo amayi ndi atsikana, omwe safunsidwa pomwe bambo akuganiza zoyatsa uvuni, ndiwo amalawira m'bandakucha kukafuna nkhuni kutali, ena mpaka kulowa m'nkhalango ya Ntchisi komwe amakathamangitsidwa ndi alonda. Njerwa yotsika mtengo ija amailipira ndi iwowo.

Zomwe tingachite ndi nyumba yomwe tili nayo kale

Nyumba ya dothi imafa ndi madzi, ndipo imayamba kufa chakumunsi. Tinaona umboni wake pomwe namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba zambirimbiri m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023. Madzi akaima m'mbali mwa khoma, ngakhale nyumba ya njerwa zowotcha zomangidwa ndi matope imagwa. Choncho ntchito yoyamba ndi kuthamangitsa madzi. Kwezani khonde kuzungulira nyumba yonse, likhale lopendekera kunja. Kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba kuti madzi ochokera kuphiri azilambalala. Ngati muli ndi ndalama ya matumba awiri kapena atatu okha a simenti, musawamwaze pa khoma lonse, alimbitseni m'munsi mwa khoma ndi pakhonde, kumtundako muphome ndi dothi labwino n'kupaka njereza.

Chachiwiri ndi denga. Kaya ndi la udzu kaya la malata, lituluke kunja mokwanira kuti mvula yamphepo isamamenye khoma. Pofolera malata, mapaso amangidwe ndi waya wolowa m'khoma, osati kungosanjika miyala ndi njerwa pamwamba monga tikuonera m'midzi yambiri. Pansi pa malata ikani siling'i. Simukusowa kupita ku sitolo ya mu tauni: mphasa, mikeka kapena nsungwi zong'alula zokhomedwa bwino zimatchinga kutentha kwa Okutobala ndi kuzizira kwa Juni, ndipo ndalama yake imapita kwa woluka wa m'mudzi momwemo.

Chachitatu ndi mazenera. Nyumba zambiri zakale zili ndi kabowo kamodzi kotsekedwa ndi chisanza. Boolani mazenera awiri oyang'anizana kuti mpweya uzidutsa ndiponso kuti masana musamayatse tochi. Ikanimo waya wa sefa, ndipo mipata ya pakati pa khoma ndi denga muitseke ndi dothi, pakuti udzudzu wa malungo umakonda kulowera pamenepo usiku.

Chachinayi, ndipo kwa ife ndicho chachikulu, ndi khitchini. Timawononga ndalama zonse pa nyumba yogona, mayi n'kumaphikabe pa mafuwa m'kachisakasa kodzadza mwaye, mwana ali kumbuyo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse, kudzera m'matenda monga chibayo ndi a mtima. Pa mafuwa moto wambiri umathawira m'mbali osakhudza mphika. Mbaula ya dothi ya Chitetezo, kapena ija yomangira pansi ndi zidina ndi matope, imasonkhanitsa motowo pansi pa mphika, ndipo mtolo womwe umatha masiku awiri umatha kufika atatu. Imayakanso ndi zitsononkho, tinthambi ndi mitengo ya nandolo. Boolani khitchini chakumwamba kuti utsi uzituluka, umitsani nkhuni musanasonkhe, vundikirani mphika, ndipo nyemba muziviika usiku. Zonsezi sizifuna ngongole.

Chachisanu ndi madzi a padenga. Masamu ake ndi osavuta. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi imapereka lita imodzi. Denga la malata la mamita 8 mulitali ndi 6 mulifupi, m'chaka cha mvula ya mamilimita 800, limalandira malita 38,400, omwe ndi ndowa 1,920 za malita 20. Madzi onsewa timawasiya akukumba m'munsi mwa nyumba yathu yomwe, kwinaku atsikana akuima pamzere ku mjigo. Ngakhale titangokolola gawo lochepa m'migolo kapena m'thanki, n'kuvundikira bwino, tapeza ochapira, omwetsa mbuzi ndi othirira nazale ya mitengo.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kuwala. Sola yaing'ono ya mababu atatu ndi potchajira foni imathetsa kugula mabatire a tochi sabata iliyonse, mabatire omwe akatha amatayidwa pabwalo ana n'kumaseweretsa. Ana a sukulu amawerenga usiku popanda utsi wa koloboyi.

Pomaliza, ngati banja lakula ndipo mukufunadi chipinda china, onjezerani pa nyumba yomweyo ndi zidina, mdindo kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zomwe zimapanikizidwa pa makina a manja n'kuumitsidwa pamthunzi mozithirira madzi, osaona moto. Zitseko, mafelemu ndi njerwa za nyumba yogumuka musataye. Kumbali yomwe mphepo imachokera dzalani keshya, nsungwi ndi mitengo ya zipatso, ndipo m'munda musazule zitsa zomwe zikuphukira. Olima fodya ayambe zigafa zamoyo, zomwe nsanamira zake ndi mitengo yodzala yosadulidwa.

Boma lisamangoletsa

Tsopano tiyankhule ndi akuluakulu a ku Capital Hill. Malamulo alipo ambiri. Lamulo la za nkhalango la 1997 linaletsa kuwotcha makala popanda chilolezo, ndipo mu 2020 zilango zake zinakhwimitsidwa. Mu 2017 boma linakhazikitsa ndondomeko ya zaka khumi yothana ndi vuto la makala. Mu 2018, kudzera ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la NCIC, linaletsa njerwa zowotchedwa ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda. Zonsezi n'zabwino papepala. Koma kodi mlimi wa ku Malomo anapatsidwa chiyani m'malo mwa uvuni? Makina oumbira njerwa zosawotcha ali kuti m'dera lathu? Ndi mmisiri uti wa kumudzi amene anaphunzitsidwa kukonza khoma la mdindo kapena kuika siling'i ya nsungwi? Kulanda nkhuni kwa mayi wosauka pamsewu n'kosavuta, koma malole a njerwa zowotcha ndi matumba a makala akulowabe m'mizinda, ndipo ogula ake si alimi.

Boma la Pulezidenti Peter Mutharika litalowa mu 2014 linabweretsa pulogalamu ya malata ndi simenti zotsika mtengo. Cholinga chinali chabwino, ndipo mabanja ena anapindula. Koma pulogalamuyo inalimbikitsa maganizo omwe aja oti nyumba yabwino ndi malata ndi simenti basi. Ndalama zomangira nyumba imodzi yatsopano zikanatha kukonza makhitchini, makonde ndi madenga a mabanja angapo.

Simenti ndi malata zomwe tikuuzidwa kuti tigwiritse ntchito zakwera mtengo koopsa, makamaka ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.  Kuuza mlimi kuti asiye njerwa zowotcha agule mabuloko a simenti, pomwe mavenda akumugula mbewu pamtengo wolira, n'kumunyoza.

Nanga magetsi? Pulogalamu ya MAREP yakhala ikukokera mawaya m'malo a zamalonda a kumidzi kwa zaka zambiri, ndipo ndalama zake zina zimachokera pa msonkho wa mafuta a galimoto, womwe ifenso timalipira tikakwera matola kapena kutumiza fodya ku okushoni. Komabe kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse zinali ndi magetsi, ndipo kumidzi zinali zosakwana 5. Mawaya amadutsa pamwamba pa midzi yathu kupita kwina. Ngakhale omwe ali nawo magetsiwo anaona mdima namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Sitingadikire ESCOM kuti idzatiphikire nsima. Mbaula yabwino, sola ndi mitengo yathuyathu ndizo zili pafupi.

Mabungwe atiuze zoona

Mu 2013 boma la Mayi Joyce Banda linalonjeza kuti pofika 2020 mabanja 2 miliyoni adzakhala ndi mbaula zosawononga nkhuni, ndipo mabungwe ambiri analowa m'midzi kugawa mbaula. Ena agwira ntchito yotamandika ndipo tikuwathokoza. Koma alimi ambiri sadziwa kuti makampani ena amagulitsa kunja utsi womwe mbaulazo zapulumutsa, pa msika womwe amautcha wa kaboni, n'kulandira madola. Mu 2024 akuluakulu ena a kampani ina yogawa mbaula anaimbidwa mlandu ku America wokokomeza ziwerengero za ntchito yawo m'maiko a Malawi, Zambia ndi Angola. Ngati khitchini ya mayi wa ku Ntchisi ikubweretsa ndalama ku New York, mayiyo ali ndi ufulu wodziwa kuti ndi zingati, ndipo mudzi wake ulandirepo gawo. Kulemba maina, kujambula zithunzi n'kusowa, mbaula ikasweka popanda woikonza, sikuteteza chilengedwe.

Zomwe tikupempha

Choyamba, makhonsolo a Ntchisi ndi Dowa, pamodzi ndi aphungu athu, apatule gawo la ndalama za chitukuko cha m'madera za CDF kugulira makina a manja oumbira njerwa zosawotcha, oti makalabu ndi makopaletivi a alimi azibwereka. Tiyambe ndi makina amodzi pa EPA iliyonse, kuphatikizapo ya Malomo.

Chachiwiri, bungwe la TEVETA ndi sukulu za ntchito zamanja ziphunzitse anyamata ndi atsikana a kumudzi luso lokonza nyumba zakale, kumanga mbaula, kuika siling'i, kukolola madzi a padenga ndi kukonza sola, kuti ntchitoyi ikhale ya ana athu.

Chachitatu, thandizo lililonse la nyumba lomwe boma lingabweretse liziyamba ndi kukonza nyumba zomwe zilipo, ndipo khitchini iziwerengedwa ngati mbali ya nyumba.

Chachinayi, boma lionetse chitsanzo. Nyumba za aphunzitsi, za alangizi ndi zipatala zazing'ono zimangidwe popanda njerwa yowotcha ngakhale imodzi, ndipo mafumu asamauzidwenso kuti mudzi uwotche njerwa ngati chopereka chake pa chitukuko.

Chachisanu, bungwe lililonse logawa mbaula lifotokoze pamaso pa mfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi ngati likugulitsa kaboni, ndi phindu lomwe mudzi udzapeze.

Chachisanu ndi chimodzi, mafumu athu akhazikitse malamulo a m'mudzi oti aliyense wofuna kuyatsa uvuni ayambe waonetsa mitengo yomwe anadzala yekha, ndipo mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, ya kumanda ndi ya zipatso isakhudzidwe.

Kwa ife alimi, ntchito iyambe chaka chino. Pa msonkhano wotsatira wa kalabu, kambiranani za nyumba za mamembala monga momwe mumakambirana za mbewu ndi feteleza. Yenderani nyumba iliyonse, amayi akhale patsogolo, muone yomwe ikufunika khonde, yomwe ikufunika zenera ndi yomwe ikufunika mbaula. Gwiranani manja mwachipere ganyu, lero kwa uyu mawa kwa uyo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Magulu a banki m'khonde aganizire zobwereketsa ndalama za sola ndi migolo ya madzi. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, choncho nazale zikhale zitakonzeka mvula isanagwe.

Ndipo inu bambo amene mwagulitsa mabelo anu ndipo mwayamba kale kuyang'ana mtengo wa msuku uli kumunda kuja, musananole nkhwangwa zungulirani kaye nyumba yanu pamodzi ndi mayi a kunyumba, muone ngati ikufunikadi kugwetsedwa.